MABOKOSI AWIRI A MAGETSI M'SEVA: CHITETEZO CHOMWE CHILI NDI MTENGO WAKE

Masiku ano munthu akatumiza uthenga pa WhatsApp, akalandira ndalama pa lamya ya m'manja, kapena akafufuza nkhani pa intaneti, amaganiza kuti zonsezo zikuchitikira m'kalamya kali m'dzanja lake. Si choncho ayi. Ntchito yaikulu imachitikira kutali, m'makompyuta amphamvu otchedwa maseva. Makompyuta amenewa amasungidwa m'nyumba zikuluzikulu zomwe pa Chingerezi amati data centre, ndipo amasanjidwa m'mashelefu azitsulo, imodzi pamwamba pa inzake. Seva siigona. Imagwira ntchito usana ndi usiku, chaka chonse, chifukwa ikangozima anthu zikwizikwi amasowa mtengo wogwira.

Pofuna kuti seva isazime, opanga amaiikira mabokosi awiri a magetsi m'malo mwa limodzi. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma ili ndi mtengo wake womwe anthu ambiri sauona. M'nkhani ino, okondedwa awerengi, tiona ntchito ya mabokosi amenewa, chifukwa chomwe awiri amatha kuwononga magetsi ambiri kuposa limodzi, ndiponso njira zomwe akatswiri apeza pofuna kuchepetsa vutoli.

NTCHITO YA BOKOSI LA MAGETSI

Magetsi omwe amabwera pa khoma kuno kwathu, monganso ku Ulaya, ndi a mavolti 230, ndipo ndi a mtundu wa AC, kutanthauza kuti amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi imodzi. Koma ziwalo za m'kati mwa kompyuta sizingadye magetsi otere. Zimafuna magetsi oyenda mbali imodzi, a DC, komanso a mavolti ochepa. Choncho pakati pa khoma ndi ziwalozo pamakhala bokosi lotchedwa power supply. Ntchito yake ndi kulandira mavolti 230 a AC ndi kuwasandutsa mavolti 12 a DC. Kuchokera pamenepo tizipangizo tina timatsitsanso magetsiwo mpaka pafupifupi volti imodzi yomwe purosesa, ubongo wa kompyuta, imafuna.

Palibe bokosi lomwe limatulutsa mphamvu yonse yomwe lalandira. Ina imatayika panjira, imasanduka kutentha. Aliyense amene anagwirapo chaja ya lamya itakhalitsa pa khoma adziwa kuti imafunda. Kufunda kumeneko ndi magetsi omwe alipiridwa koma sanafike m'batire. Tikati bokosi limagwira bwino ntchito ndi 90 peresenti, tikutanthauza kuti pa mawati 100 alionse olowa, mawati 90 afika ku kompyuta ndipo 10 asanduka kutentha. Zili ngati munthu wotunga madzi ndi ndowa yodontha: pa chitsime wadzaza, koma pofika kunyumba madzi atsika.

CHIFUKWA CHIYANI AWIRI?

Bokosi la magetsi ndi chimodzi mwa ziwalo zomwe zimatha kufa. Lili ndi fani yozungulira osapuma, limatentha, ndiponso ndilo limayamba kukumana ndi magetsi akabwera mwamphamvu. Likafa, seva yonse yafa. N'chifukwa chake maseva ambiri a mabanki, a makampani a ndege ndi a maboma amakhala ndi mabokosi awiri, ndipo lililonse mwa awiriwa limatha kunyamula lokha katundu yense wa sevayo. Dongosolo limeneli amalitcha 1+1. Lina likafa, linzake limapitiriza, ndipo wokonza amangosolola lakufalo n'kulowetsa latsopano seva ili chiyakire.

Palinso chifukwa chachiwiri chomwe ndi chachikulu kuposa choyambachi. M'nyumba za maseva zomangidwa bwino mumakhala njira ziwiri za magetsi, njira A ndi njira B, iliyonse ndi nthambo zake, maswichi ake ndi mabatire ake. Bokosi loyamba limalumikizidwa ku A, lachiwiri ku B. Motero ngakhale njira yonse ya A itazima, kaya chifukwa cha ngozi kaya chifukwa amisiri akukonza, seva imadyabe kuchokera ku B.

Kuti tione kufunika kwa zimenezi, tikumbukire zomwe zinachitikira kampani ya ndege ya Delta Air Lines ku America pa 8 August 2016. Chipangizo china cha magetsi chinawonongeka pa nyumba yake ya maseva ku Atlanta. Akuluakulu a kampaniyo anafotokoza pambuyo pake kuti pa zipangizo pafupifupi 7,000, zina pafupifupi 300 sizinali zolumikizidwa bwino ku magetsi apadera. Zochepazo zinagwetsa ntchito yonse. Maulendo a ndege pafupifupi 2,300 analephereka m'masiku atatu, ndipo kampaniyo inataya ndalama pafupifupi madola 150 miliyoni. Tikaona nkhani yotere sitingadabwe kuti eni maseva safuna kumva za kuchotsa bokosi lachiwiri.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Tsono vuto lili pati? Vuto ndi lakuti bokosi la magetsi siligwira ntchito mofanana nthawi zonse. Kagwiridwe kake kamadalira kukula kwa katundu amene lanyamula.

M'bokosimo mphamvu imatayika m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya mphamvu yomwe bokosi limadya pa lokha kuti likhale lamoyo: fani izungulire, tizipangizo toyang'anira tigwire ntchito, ndi zina zotero. Mphamvu imeneyi siisintha kwenikweni, kaya katundu ndi wamkulu kaya ndi wamng'ono. Njira yachiwiri ndi ya kutentha kwa nthambo ndi ziwalo zina magetsi akamadutsa. Anzanga amene tikuphunzira Physics tikudziwa kuti kutentha kumeneku kumakula mofulumira: magetsi odutsa akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi.

Tikaphatikiza ziwirizi tipeza kuti bokosi likanyamula katundu wamng'ono kwambiri, mphamvu yomwe limadya lokha ija imakhala gawo lalikulu la magetsi onse olowa, motero limawononga. Likanyamula katundu wodzaza, kutentha kwa nthambo kumachuluka, motero limawononganso pang'ono. Pabwino penipeni ndi pakatikati, pafupi ndi theka la mphamvu yake. Tiyerekeze ndi lole ya matani khumi. Ikanyamula matumba awiri okha a chimanga kuchoka ku Mchinji kupita ku Lilongwe, mafuta ambiri apita pa kuyendetsa loleyo osati chimangacho. Nanga mwini chimanga atatumiza malole awiri, iliyonse ndi thumba limodzi, poopa kuti ina ingafe panjira? Chimanga chidzafika ndithu, koma mafuta apita ochuluka.

Izi ndizo zimachitika m'seva ya mabokosi awiri. Nthawi zambiri mabokosiwo amagawana katundu pakati ndi pakati. Popeza lililonse liyenera kutha kunyamula katundu yense lokha, ndiye kuti pogawana palibe lomwe lingapitirire theka la mphamvu yake. Seva ikanakhala kuti imagwira ntchito modzaza nthawi zonse, bwenzi zili bwino, chifukwa bokosi lililonse bwenzi lili pa theka, pamalo pake pabwino paja. Koma maseva sakhala otanganidwa chotero. M'chaka cha 2007 akatswiri awiri a ku Google, Luiz André Barroso ndi Urs Hölzle, atafufuza maseva zikwi zingapo, anapeza kuti nthawi zambiri maseva ankagwira ntchito pakati pa 10 ndi 50 peresenti ya mphamvu zawo. Kuwonjezera apo, ogula ambiri amakonda kusankha mabokosi aakulu kuposa omwe akufunika, poganiza kuti mwina mtsogolo adzawonjezera ziwalo zina. Mapeto ake bokosi lililonse limapezeka likunyamula gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake, pamalo pomwe limawononga kwambiri.

MUYESO WA 80 PLUS

Kale mabokosi ambiri a makompyuta ankataya gawo lalikulu la magetsi, ndipo wogula analibe njira yodziwira labwino ndi loipa. M'chaka cha 2004 ku America kunayamba ndondomeko yoyesa mabokosi yotchedwa 80 PLUS. Lamulo lake loyamba linali lakuti bokosi lifike 80 peresenti likanyamula katundu wa 20, 50 ndi 100 peresenti. Pambuyo pake anawonjezera masitepe ena okwera: Bronze, Silver, Gold, Platinum, kenaka Titanium.

Pa mabokosi a maseva ogwira ntchito awiriawiri pa mavolti 230, miyeso yake ili motere. La Gold liyenera kufika 88 peresenti pa katundu wa 20 peresenti, 92 pa theka, ndi 88 podzaza. La Platinum liyenera kufika 90, 94 ndi 91. La Titanium liyenera kufika 94, 96 ndi 91. Taonani kuti pa sitepe iliyonse nambala yaikulu ili pakati, monga tafotokozera kale. Koma Titanium inabweretsa chinthu china chatsopano: inalamula kuti bokosi lifike 90 peresenti ngakhale pa katundu wamng'ono wa 10 peresenti. Masitepe apansi aja sanaike lamulo lililonse pamenepa, chonsecho mpomwe mabokosi ambiri ogawana katundu amakhala tsiku ndi tsiku.

Maiko a m'bungwe la European Union anaika nkhaniyi m'malamulo awo m'chaka cha 2019. Kuyambira mu January 2024, maseva ambiri atsopano ogulitsidwa kumeneko ayenera kukhala ndi mabokosi ofika pa miyeso yofanana ndi ya Titanium.

TIYENI TIWERENGERE

Masamu sanama, choncho tiyeni titenge chitsanzo. Tiyerekeze seva yomwe ziwalo zake zikufuna mawati 200, ndipo ili ndi mabokosi awiri a Titanium, lililonse la mawati 1,000. Tigwiritse ntchito miyeso yomwe tatchula ija.

Mabokosi akagawana, lililonse linyamula mawati 100, omwe ndi 10 peresenti ya mphamvu yake. Pamenepa ligwira ntchito ndi 90 peresenti. Kuti ziwalo zilandire mawati 200, pa khoma payenera kuchoka mawati 222. Otayika ndi 22.

Bokosi limodzi likanyamula katundu yense, likhala pa 20 peresenti, ndipo ligwira ntchito ndi 94 peresenti. Pa khoma pachoka mawati 213. Otayika ndi 13.

Kusiyana kwake ndi mawati 9 okha. Wina anganene kuti, "Aa, zochepa zimenezo tingavutike nazo?" Koma kumbukirani kuti seva siigona. Chaka chili ndi maola 8,760. Mawati 9 kwa maola onsewo ndi mayuniti pafupifupi 79 a magetsi, pakuti yuniti imodzi, monga timagulira ija, ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Nyumba yokhala ndi maseva 10,000 otere ingataye mayuniti 790,000 pa chaka. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Nkhani siithera pomwepo. Wati iliyonse yotayika imasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kuchotsedwa m'nyumbamo ndi mafani ndi makina oziziritsa, omwenso amadya magetsi. Choncho mwini nyumba amalipira kawiri: koyamba polipira magetsi otayika, kachiwiri polipira kuchotsa kutentha kwake. Pali muyeso wotchuka wa nyumba za maseva wotchedwa PUE, womwe bungwe la The Green Grid linayambitsa m'chaka cha 2007. Umayerekeza magetsi onse olowa m'nyumba ndi magetsi ofika ku makompyuta. Koma muyesowu uli ndi khungu pamalo amodzi. Popeza bokosi la magetsi lili m'kati mwa seva, zomwe limataya zimawerengedwa ngati magetsi omwe kompyuta yagwiritsa ntchito. Motero nyumba itha kuoneka yosamala pa PUE pomwe mabokosi ake akuwononga.

Bungwe loona za mphamvu pa dziko lonse la International Energy Agency linati m'chaka cha 2024 nyumba za maseva zinadya mayuniti pafupifupi 415 biliyoni, omwe ndi pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi onse a pa dziko lapansi. Pa mulu waukulu chotere, peresenti imodzi yokha ndi mayuniti oposa 4 biliyoni.

NJIRA YOYAMBA: LINA LIGONE

Poona zimenezi, opanga maseva anapeza njira yoti bokosi limodzi lizinyamula katundu yense pomwe linzake likuwodzera, koma lili tcheru. Kampani ya Dell imatcha njirayi Hot Spare, ya HPE imaitcha High Efficiency Mode, ndipo ya Intel inaitcha Cold Redundancy. Bokosi logonalo limadya magetsi ochepa zedi, ndipo limayang'anira mavolti a linzake. Likaona kuti akutsika, limadzuka nthawi yomweyo. M'mabokosi muli tizipangizo totchedwa capacitor tomwe timasunga mphamvu yokwanira kanthawi kochepa kwambiri, kosakwana ngakhale kuphethira kwa diso, ndipo kanthawi kameneko n'kokwanira kuti logona lija lilandire katundu seva isanazime.

Njirayi imathandiza pokhapokha katundu akakhala wamng'ono. Katundu akakula, kugawana kumakhalanso bwino kuposa kusenzetsa limodzi. N'chifukwa chake m'maseva ambiri a Dell, bokosi logwira ntchito likapitirira theka la mphamvu yake, logona lija limadzutsidwa kuti agawane, ndipo katundu akatsika kufika pansi pa 20 peresenti limabwerera kukagona.

Komabe pali msampha. Ngati m'nyumba yonse bokosi loyamba ndilo likugwira ntchito m'seva iliyonse, ndiye kuti katundu yense ali pa njira A pomwe njira B ili chikhalire. Tsiku lomwe A idzazime, katundu yense adzagwera B mwadzidzidzi. Ndiponso woyang'anira wosasamala, poona kuti B ilibe katundu, atha kulumikizako zipangizo zina, osadziwa kuti malowo ali ndi mwini wake. Pofuna kupewa izi, akatswiri amakonza kuti theka la maseva lizidya ku A ndipo theka lina ku B. Maseva a HPE amatha kudzisankhira okha kuti m'gulu lawo ena agwiritse bokosi loyamba, ena lachiwiri.

NJIRA YACHIWIRI: GULANI LOKWANA

Njira yosavuta kuposa zonse ndi kugula bokosi lolingana ndi seva. Tibwerere ku chitsanzo chathu. Ngati seva ija, ikatanganidwa kotheratu, siipitirira mawati 450, mabokosi a mawati 500 ndi okwanira. Pogawana mawati 200 aja, lililonse likhala pa 20 peresenti, ndipo tapeza kale 94 peresenti popanda kugoneka lililonse. Tikagoneka limodzi, linzake likhala pa 40 peresenti, pafupi ndi pamalo pabwino paja. Chofunika ndi kuyesa bwino katundu wamkulu amene seva ingafike, chifukwa bokosi lochepa mphamvu lidzalephera pa tsiku lomwe linzake lafa, ndipo cholinga chonse chokhalira ndi awiri chidzakhala chitapita pachabe.

NJIRA YACHITATU: MABOKOSI A GULU

Makampani aakulu kwambiri anafunsa funso lina: kodi n'kofunikadi kuti seva iliyonse ikhale ndi bokosi lakelake lapadera? M'chaka cha 2009 Google inaonetsa poyera seva yomwe inkadzipangira yokha. Inali ndi bokosi limodzi lokha lotulutsa mavolti 12, ndi kabatire kakekake kothandiza magetsi akazima. Chitetezo chachikulu chinali m'mapulogalamu: ntchito imodzi inkasungidwa pa maseva angapo, kotero kuti ina ikafa zinzake zinkapitiriza.

M'chaka cha 2011 Facebook inayambitsa Open Compute Project, pomwe inaulula mapulani a maseva a m'nyumba yake ya ku Prineville, m'chigawo cha Oregon, kuti ena atengereko. Kuchokera m'ntchito imeneyi munatuluka shelefu ya maseva yomwe mabokosi a magetsi amaikidwa pamalo amodzi, n'kumadyetsa maseva onse kudzera m'chitsulo chachitali cha kopa chodutsa kumbuyo. M'malo mwa 1+1 amagwiritsa ntchito N+1, kutanthauza mabokosi okwanira katundu ndi limodzi lapadera. Mwachitsanzo, mabokosi asanu ndi limodzi a mawati 3,000 lililonse amadyetsa katundu wofika mawati 15,000. Asanu ndi okwanira, lachisanu ndi chimodzi ndi lapadera. Katundu akakhala theka, bokosi lililonse limakhala pa 42 peresenti, pomwe m'dongosolo la 1+1 likanakhala pa 25 peresenti kapena kutsikirapo. Zili ngati galimoto yomwe imayenda ndi tayala limodzi lapadera, osati anayi.

Mashelefu atsopano otere amayendetsa mavolti 48 m'chitsulo chija m'malo mwa 12, nzeru yomwe Google inabweretsa pamene inalowa m'gululi m'chaka cha 2016. Mavolti akawirikiza kanayi, magetsi odutsa amachepa kanayi pa mphamvu yomweyo, ndipo kutentha kwa m'chitsulo kumachepa ka 16. Koma tizindikire kuti N+1 imateteza ku imfa ya bokosi limodzi basi. Njira yonse ya magetsi ikazima, pamafunika mabatire kapena njira yachiwiri.

POMALIZA

Anzanga, funso lakuti "Kodi mabokosi awiri ndi abwino kapena ayi?" lilibe yankho limodzi. Seva yosunga ndalama za anthu ku banki kapena mbiri za odwala ku chipatala iyenera kukhala ndi awiri, ndipo mayuniti 79 pa chaka ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi tsoka la tsiku limodzi. Koma seva yomwe ili m'gulu la zinzake mazanamazana zogwira ntchito yofanana itha kukhala ndi limodzi, kapena kudya pa shelefu ya gulu.

Ena mwa ife mtsogolo muno tidzapatsidwa udindo wogula kapena kuyang'anira makina otere pa sukulu, pa ofesi kapena pa chipatala. Tsiku limenelo tidzafunse mafunso anayi. Kodi seva iyi ikazima ola limodzi, ndani avutike? Kodi imadya mawati angati ikatanganidwa kotheratu, ndipo mabokosi ake ndi olingana nayo? Kodi mabokosiwo ali pa sitepe iti ya 80 PLUS, makamaka pa katundu wamng'ono? Ndipo kodi nthambo zake ziwiri zikupita ku njira ziwiri zosiyana? Funso lomalizali lisaiwalike, chifukwa nthambo zonse ziwiri zikalowa pa soketi imodzi, mwini seva amalipira magetsi a mabokosi awiri, koma soketiyo ikazima seva imazima ngati ya bokosi limodzi.